Inu apolisi a pafoni, mtembo wa munthu si mpira

Zanditopetsa. Sabata ino ndamvanso kuti gulu lina la achinyamata likuponyerana chithunzi cha mtembo wosadziwika wotoledwa m'phompho m'mbali mwa msewu wa m'mapiri ku America, ndipo ola lisanathe anali atapereka kale dzina la womwalirayo, dzina la womupha, ngakhale nambala ya nyumba yake. Abale, munaphunzira kuti upolisi umenewu? Munaugwira mtembowo? Mano ake munawawerenga?

Kumbukirani za mtsikana wa ku Boulder Canyon, m'chigawo cha Colorado. Anamupeza pa 8 Epulo 1954 m'munsi mwa msewu, pafupi ndi mtsinje, ali wamaliseche, atamenyedwa koopsa. Anthu a m'tauniyo anasonkha ndalama n'kumuika m'manda a Columbia, pamwala palibe dzina. Panatha zaka 55 asanadziwike. Anafukula mafupa ake mu 2004, anaumba nkhope yake potengera chigaza, ndipo kwa nthawi ndithu ofufuza ankakhulupirira kuti ndi mayi wina yemwe anasowa m'dera lomwelo nthawi imeneyo. Zonse zinkaoneka ngati zikugwirizana. Mu 2009 mayiyo anapezeka ali moyo ku Australia, ali gogo! Chaka chomwecho DNA ya mchemwali wake wa womwalira weniweni ndi imene inatsimikiza kuti anali Dorothy Gay Howard wa ku Phoenix, wa zaka 18. Ngati anthu oleza mtima ngati Silvia Pettem, wolemba mbiri yakale wa m'deralo amene anatha zaka akufukula mapepala akale mogwirizana ndi apolisi, anasochera kaye, nanga inu ndi chala chimodzi pafoni muli pakama?

Nkhope youmba ija si chithunzi. Chigaza chimasonyeza kukula kwa chibwano ndi kutalikirana kwa maso, koma milomo, makutu, kamangidwe ka tsitsi ndi kunenepa kwa masaya woumbayo amangoyerekeza. Inu mukangoona mphuno yofanana basi, mwamaliza mlandu. Zaka zimene dokotala amalemba ndi zongoyerekezanso, msinkhu amauyeza kuchokera ku fupa la ntchafu ndipo amatha kuphonya ndi masentimita angapo. Chimene chimatchula dzina la mtembo ndi zidindo za zala, mbiri ya mano kwa dokotala, nambala ya chitsulo chimene anamuika m'thupi pa opaleshoni, kapena DNA ya wachibale. Zina zonsezo ndi za kandimverere.

Ndiye pali ena amene amakwera galimoto kupita pamalopo. Akatsike phompho kukatani? Nsapato zanu zifafaniza mapazi, matayala anu aponda pa zizindikiro za matayala a galimoto imene inataya mtembowo. Mutola botolo, batani, kansalu, n'kusiyapo thukuta lanu, mawa DNA yopezeka pamenepo ndi yanu. Mafupa m'phompho sakhala pamodzi, nyama ndi madzi a mvula zimawamwaza, ndipo pamene fupa lililonse lagona pamafotokoza nkhani. Mukalisuntha "kuti lioneke bwino pa vidiyo" nkhaniyo yafa. Ngakhale mphutsi zimene mukuzinyansidwazo ndi umboni, kukula kwake ndi kumene kumasonyeza masiku amene adutsa.

Mwaiwala za 2013? Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston, a pa tsamba la mchezo la pa intaneti la Reddit analoza mwana wasukulu wosowa kuti ndiye chigawenga. Banja lake linasautsidwa usiku wonse, pomwe mnyamatayo sanalakwe kanthu, ndipo patapita masiku ochepa anamupeza m'madzi atamwalira kalekale. Mu 2023 Nicola Bulley atasowa ku Lancashire, ku England, a TikTok anadzaza mudzi wa St Michael's on Wyre, kulowa m'malo a eni, mpaka apolisi anachita kuwabalalitsa ndi lamulo. Mayiyo anali atamira mumtsinje. Amene ananamiziridwa aja, ndani anawapepesa?

Ngati mtima ukukuwawanidi, njira ilipo ndipo ilibe ulemerero. Ku America kuli NamUs, kaundula wa pa intaneti wa anthu osowa ndi mitembo yosadziwika. Tsegulani tsamba la mtembowo, lembani nambala yake, onani kaye mndandanda wa anthu osowa amene anayesedwa kale n'kukanidwa, chifukwa dzina limene mukuliyesa latsopano mwina linagwa kalekale. Fananizani tsiku losowa ndi nthawi ya imfa, zipsera, mano, mtundu wa tsitsi. Zikagwirizana, tumizani nambala ya mtembowo ndi ya munthu wosowayo kwa wofufuza wolembedwa patsambalo, mwachinsinsi, kamodzi, kenako khalani chete. Kwa mayi wa wosowayo musaimbe foni. Mukamuuza kuti mwana wake wapezeka m'phompho, kenako DNA n'kukana, maliro achiwiriwo mukalira nawo?

Ndipo zithunzi za m'nyumba yachisoni muzisiye kuziponya paliponse ngati za ukwati. Ameneyo ndi mwana wa munthu. Chitani manyazi.