Wandifufutira Turrican, akuti ndi zinyalala

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lachiwiri ndinasiya laputopu yanga kwa mnyamata wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika wa Zomba kuti andisinthire kiyibodi. Kiyibodi yokha basi. Dzulo ndakatenga, ndafika kunyumba ku Matawale, kuyatsa chonchi, foda ya magemu anga mulibe. Turrican palibe, Turrican II palibe, ngakhale pulogalamu ya WinUAE imene ndimaseweretsera magemu a makompyuta akale a Amiga yapita. Kumuyimbira, akuti: "Madala, zija zinali zinyalala zakalekale, ndakupezerani malo. Tsabola wakale sawawa." Uku akuseka.

Malo ati? Gemu imene inkakwana pa disiki ya floppy yosafika megabyte imodzi ndiyo yadzaza laputopu? Chithunzi chimodzi cha pa foni yake chimaposa pamenepo!

Chinthu chikakhala chakale si ndiye kuti ndi chinyalala. Ndibwereze: kukalamba si kuwola. Turrican inatuluka mu 1990, anaipanga Manfred Trenz ku Germany, poyamba pa Commodore 64, kompyuta ya memory ya 64 KB yokha. Mu kamalo kochepa chonchoko munthu anamangamo dziko la kutali mlengalenga, lodzaza maloboti, mapanga ndi zipinda zobisika. Ukakanikiza batani lowombera osalisiya, pamatuluka chingwe cha mphezi choti uzichizunguza mbali zonse. Zikakuvuta umasanduka gudumu la minga n'kugubuduzika pakati pa adani. Pali timabokosi tosaoneka toti uwombe m'malere kuti titulukire ndi zida. Ine ndasewera zaka, komabe ndimapezabe ngodya imene sindinalowemo. Ndiye wina wobadwa dzana azititcha zinyalala chifukwa zithunzi zake ndi za timadontho?

Mwina palibe anamuwonetsapo, chabwino. Koma ngati chinthu sukuchidziwa, funsa mwini wake, achimwene. Sufufuta. Galu wamkota sakandira pachabe. Anthu mpaka lero akuisungabe gemu imeneyi, ena anachita kuitulutsanso pa PlayStation 4 ndi Nintendo Switch mu 2021. Onsewo ndi opusa, wanzeru ndi iweyo? Chakale chimene chapirira zaka zoposa 30 chili ndi kanthu, ndipo kanthuko simungakaone ngati mwangoyang'ana mphindi imodzi n'kuyamba kuseka.

Ndipo zatsopano mukuzitamazo n'zotani? Kuti uyambe kusewera, gula bundle. Usanawombe ngakhale chipolopolo chimodzi, akuti update. Netiweki ikangogwa pang'ono, gemu yaima. Ukafuna mfuti yabwino, lipira. Mwana wa mlongo wanga ku Chinamwali anamaliza ndalama ya ndiwo ya mayi ake ndi bundle ya gemu ya pa foni. Turrican magetsi akathima ndimasewera pa batire mpaka laputopu izime yokha, osapereka tambala kwa munthu.

Mawa m'mawa ndikupita komweko, akandibwezere foda yanga.