Eliya atatopa anapatsidwa mkate, osati pulogalamu ina

Ana akatsekera sukulu kumapeto kwa Julaye, ife otumikira achinyamata mumpingo ndiye tatsegulira. Kampu, chikondwerero cha makwaya, pepa Sande yopezera ndalama ya thiransipoti, mapemphero a usiku wonse Lachisanu, kukacha ukwati wa mnzathu umene sungaujombe. A Fomu 4 amene amaliza MSCE angokhala pakhomo, akufuna chochita tsiku ndi tsiku. Zimenezi mpaka Seputembala, fumbi la Ogasiti lili m'maso.

Ndinene maganizo anga, okwiya akwiye. Atsogoleri a achinyamata sitikutopa chifukwa chochepa chikhulupiriro ayi. Tikutopa chifukwa katundu wa mpingo wonse wasenzetsedwa anthu atatu kapena anayi, omwewomwewo chaka ndi chaka.

Chaka chatha tinapita ku kampu ya masiku asanu pa sekondale ina. Ana anadzaza malole awiri, atsogoleri tinalipo anayi basi. Nkhuni ndinkagula ndine, ufa ndi nyemba ndinkayeza ndine, usiku ndinkalondera hositelo ya anyamata, 5 koloko m'mawa ndili kutsogolo ndi Baibulo. Foni nayo osapuma, makolo kufunsa ngati mwana wavala juzi. Tsiku lachinayi kamnyamata kena kanabwera mwaulemu nkuti, "Ankolo, sopo wanga wasowa." Ndinakakalipira pamaso pa anzake ngati kaba mbuzi. Mwana uja anatha miyezi osaponda ku felosipu. Maulaliki onse amene ndinakonzekera usiku aja, chimene anatola iye ndi ukali wanga.

Titabwerako ndinadandaulira mkulu wampingo wina kuti thupi lakana. Anandigwira paphewa nati, "Pempherani achimwene, Ambuye akupatsani mphamvu." Sananame. Koma atatero anapita kwawo kukagona, ine nkutsala ndi malisiti oti ndikawerenge ku komiti mawa lake.

Timakonda kulalikira za Eliya pa phiri la Karimeli, moto ukutsika kumwamba. Chaputala chotsatira, 1 Mafumu 19, timachilumpha. Munthu yemweyo anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha imfa. Mngelo sanamudzudzule kuti wabwerera m'mbuyo. Anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, kumusiya agonenso, kenako kumudyetsa kachiwiri. Zokambirana zinabwera pambuyo, ku Horebu. Ife munthu akatopa timamuonjezera kusala kudya.

Ndipo Mose anachita kuuzidwa ndi apongozi ake a Yetero, pa Eksodo 18, kuti akapitiriza kuweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo alefuka, iye pamodzi ndi anthu akewo. Anamulangiza aike atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Mawu akuti "pamodzi ndi anthu" amenewo amandilasa, chifukwa ndi zimene zinachitikira mwana wa sopo uja.

Komanso tisanamizire akuluakulu okha. Enafe timakoma nako kufunidwa. Makiyi a holo ali m'thumba mwathu, ndife ma admin a gulu lililonse la WhatsApp, ndipo wina akati athandize timati "musavutike, ndipanga ndekha", kuopa kuti achita mosiyana ndi ife. Kenako tizidandaula kuti palibe wothandiza. Chonsecho holide ino anyamata ndi atsikana a m'makoleji, amene amatsogolera magulu achikhristu a ophunzira monga SCOM kapena YCS kusukulu kwawo, ali pakhomo pompano. Atha kusunga kagulu ka ana khumi bwinobwino. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amaphika kale pamisonkhano yathu popanda wowakakamiza. Abambo ndiye sindidziwa amabisala kuti ikafika nkhani yolondera usiku.

Chimene ndikupempha makomiti n'chochepa. Amene walondera usiku asalalikire m'mawa. Sabata yotsatana ndi kampu pasakhale msonkhano uliwonse, ngakhale wa ripoti la ndalama, malisiti saola. Ndipo mpumulo ulembedwe pa pulogalamu penipeni, monga timalembera nthawi ya nsima, chifukwa Lamulungu kwa ife si tsiku lopuma. Anzathu a Seventh Day nawonso andiuza kuti kwa mtsogoleri wa Pathfinder, gulu lawo la achinyamata, Sabata ndi limene amathamanga kwambiri.

Ine chaka chino ndauza komiti kuti kampu ikatha ndikupita kumudzi kwa amayi masiku atatu, foni ndikathimitsa. A tcheyamani anandiyang'ana nkufunsa kuti nanga holo azitsegula ndani. Ndinatulutsa makiyi aja nkuwapereka kwa mlembi wathu, mtsikana wa Fomu 3. Dzanja linachita kunjenjemera, koma ndinapereka.