Kodi achinyamata a ku Haiti adzabwereranso ku gule wa konpa?

Akuluakulu okonda nyimbo za ku Haiti amadandaula kawirikawiri kuti ana a masiku ano anachitaya chamba cha konpa, ndipo mitima yawo inapita ku rap, ku Afrobeats ndi ku rabòday, nyimbo zaliwiro za ku Haiti komweko zopangidwa pakompyuta. Maganizo anga ndi akuti chambachi chikhoza kutchukanso, ndipotu chayamba kale kutero, koma chimene chikubweracho sichidzafanana ndi chomwe akuluakuluwo akulira, chifukwa chimene chinalera konpa ndi dansi yausiku yomwe eni ake amaitcha bal, pomwe bandi yathunthu imayimba pamaso pa anthu mpaka mbandakucha, ndipo dansi imeneyi ndiyo yavulala kwambiri m'dzikomo.

Choyamba, tisaiwale kuti konpa amene lero akutchedwa wamakolo anayamba ngati chinthu chachilendo. Pamene woyimba saksofoni Nemours Jean-Baptiste anakhazikitsa chambachi m'chaka cha 1955, anafewetsa kamenyedwe ka méringue, gule wakale wa dzikolo, n'cholinga choti aliyense azitha kuvina popanda kuphunzitsidwa, ndipo otsatira magulu ngati Jazz des Jeunes ankamunyoza kuti akuyimba zamalonda zonunkha fungo la dziko loyandikana nalo la Dominican Republic. M'zaka za m'ma 1960 anyamata a ku Pétion-Ville, tauni yoyandikana ndi likulu la dzikolo, anachepetsa malipenga n'kuika magitala patsogolo, ndipo mwa iwo munatuluka gulu la Tabou Combo mu 1968. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera makiyibodi ndi makina oliza ng'oma. Nthawi zonsezi panali wina wolengeza maliro a konpa, ndipo nthawi zonsezi amene ankanenedwa kuti akupha chambachi ndi omwe anachipatsa omvera atsopano.

Munthu amene sanaonepo kavinidwe kake sangamvetse chifukwa chake nkhani ya malo ovinira ili yaikulu chonchi. Konpa amavina awiriawiri, atagwirana m'chiuno ndi paphewa, mapazi akungokhwekhwereza pansi pang'onopang'ono osachoka pakamalo kakang'ono, ntchito yonse itasiyidwa m'chiuno ndi m'mawondo. Kuseri kwa oyimba kumakhala munthu wina amene dzanja limodzi amamenya kabelu kachitsulo, lina akumenya ng'oma yaikulu yoimika pansi, ndipo ngakhale sakhala ndi dzina pachikwangwani, ovina onse amatsatira iyeyo. Nyimbo ikafika pakati, mawu amatha, gitala kapena kiyibodi imatenga malo kwa mphindi zingapo, ndipo atsogoleri a bandi amayang'ana pabwalo kuti adziwe ngati atalikitse kapena adule. Luso lotere limaphunziridwa pamaso pa anthu otuluka thukuta, usiku ndi usiku, kwa zaka zambiri.

Tsono taonani zomwe zachitikira Port-au-Prince, likulu la dzikolo. Chivomerezi cha pa 12 January 2010 chinagwetsa gawo lalikulu la mzindawu, ndipo chiphedwereni pulezidenti Jovenel Moïse pa 7 July 2021, magulu a zigawenga akhala akulanda dera ndi dera mpaka mbali yaikulu ya likululi ili m'manja mwawo. Hotel Oloffson, pomwe gulu la RAM linkayimba nyimbo za rasin (zosakaniza ng'oma zamakolo ndi zoyimbira zamakono) Lachinayi lililonse kwa zaka zambirimbiri, inatenthedwa mu July 2025. Mtsikana wazaka 18 wa ku Delmas, dera la m'mbali mwa likululi, sangadzudzulidwe kuti sakonda bal pamene kutuluka panja dzuwa litalowa ndi kuika moyo pachiswe. Onjezanipo nkhani ya ndalama. Wokonza phwando akaitana bandi ya anthu khumi kapena kuposerapo, ayenera kuwalipira, kuwanyamula pamodzi ndi zida zawo ndiponso kugula mafuta a jenereta, pomwe DJ mmodzi wokhala ndi kompyuta ndi zimkuzamawu amasangalatsa khamu lomwelo pamtengo wochepa kwambiri.

Ngakhale rabòday amene amanenedwa kuti wabera konpa omvera, mizu yake ili m'nthaka yomweyo. Liwiro lake ndi kaphokoso kake zinachokera ku rara, magulu aja oyenda m'misewu nyengo ya Lenti mpaka Pasaka, akuliza malipenga ansungwi otchedwa vaksin, pomwe munthu aliyense amaliza liwu limodzi lokha ndipo nyimbo imatuluka chifukwa chopatsirana mpata. Mnyamata amene waika kamenyedwe kameneka m'kompyuta ali pafupi ndi makolo ake kuposa momwe omunyoza akuganizira, ngakhale ndivomereze kuti mawu a nyimbo zina za chambachi ndi olaula ndipo makolo ali ndi chifukwa chodandaulira.

Umboni woti makutu a achinyamata akadali otseguka ulipo. M'chaka cha 2024 Joé Dwèt Filé, wobadwira ku France koma makolo ake ndi a ku Haiti, anatulutsa nyimbo ya 4 Kampé, yomwe inafalikira pa TikTok mpaka Burna Boy wa ku Nigeria anadzaiyimba naye limodzi chaka chotsatira, ndipo amene ankaivina ambiri anali asanamvepo dzina la Nemours. Mu October 2022 gulu la konpa la Carimi, lomwe linali litapasuka mu 2016, linakumananso ku Accor Arena mumzinda wa Paris pamaso pa chinamtindi cha anthu, usiku womwe unathera m'misozi chifukwa woyimba Mikaben anagwa pansanja n'kumwalira. Ndipo aka sikoyamba kuti kamenyedwe ka Haiti kayende kutali ndi kwawo, pakuti zouk, gule wa ku zilumba za Guadeloupe ndi Martinique yemwe anatchuka ndi gulu la Kassav', lomwe linayamba mu 1979, inamwa m'chitsime chomwechi, kenaka gule wa kizomba wa ku Angola anadzamwa m'chitsime cha zouk.

Komabe apa ndi pomwe ndimasiyana ndi amene akuimba kale nthungululu. Mphamvu zonsezi zikuchokera ku Miami, ku Brooklyn, ku Montreal ndi ku Paris, komwe kuli maholo otetezeka ndi anthu a ndalama m'thumba. Nyimbo yokonzedwera kanema wa masekondi ochepa imasunga chiuno cha konpa, makamaka kavinidwe kodekha kaja ka gouyad, koma imasiya malipenga, imasiya gawo lalitali la zoyimbira zokhazokha, ndipo kawirikawiri imapangidwa ndi munthu mmodzi mu situdiyo. Bungwe la UNESCO linaika konpa pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse mu December 2025, ndipo ulemu umenewu ndi woyenera, koma sudzagulira mwana wa ku Carrefour, m'mbali mwa Port-au-Prince, lipenga, ndiponso sudzamupezera mphunzitsi.

Kwa ine, malo oyenera kuwayang'anitsitsa ndi Cap-Haïtien, kumpoto kwa dzikolo, komwe zinthu zakhala zabata poyerekeza ndi likulu. Kumeneko kuli Orchestre Septentrional yomwe inayamba mu 1948 ndi Tropicana yomwe inayamba mu 1963, mabandi awiri opikisana amene apirira maulamuliro a nkhanza a banja la Duvalier ndi zipolowe zonse zotsatirapo chifukwa chakuti woyimba akakalamba kapena akamwalira, amalowetsa wachinyamata pampando wake, ndipo amayendabe m'matauni ang'onoang'ono pa zikondwerero za oyera mtima osunga maparishi. Ngati boma ndi a Haiti okhala kunja ali ndi ndalama zoti aike pa konpa, ayambire kumeneko: kugula malipenga, kulipira aphunzitsi a nyimbo, ndi kukonza madansi a masana a mtengo wotsika omwe ana a sukulu za sekondale angalowe n'kubwerera kwawo kusanade.