Ana inu, dzina lanu si lobwereketsa kwa mlendo

Loweruka ndinali pa depoti ya Zomba kudikira minibasi ya ku Jali, pomwe anyamata anayi akabaza anali pa mkangano wadzaoneni. Uyu akuti m'bale weniweni wa Malawi ndi China, uyo akuti ayi ndi America, wachitatu wakweza foni m'mwamba kuonetsa anzake asilikali a Russia akuphulitsa nyumba, akukuwa ngati timu yake yagoletsa. Anatsala pang'ono kugwirana malaya. Mtima unandiwawa, chifukwa mmodzi wa iwo ndinamuona akubadwa, ndipo ndi yemweyo amene chaka chatha anapereka chiphaso chake cha unzika kwa mlendo wina kuti agulire dimba la mbumba yawo la kumtsinje m'dzina la mnyamatayo. Anamupatsa ya ndiwo ya sabata ziwiri, iye n'kumati wapeza bwana.

Tamverani ana anga, ine ndaona maubale a mayiko akumangidwa ndi kumasulidwa ndili pano pa Zomba pomwe.

Ndili mnyamata, anthu a ku Taiwan ankayenda m'matope limodzi ndi alimi a mpunga ku sikimu za Likangala ndi Domasi. Ubale wathu ndi iwo unayamba mu 1966, ndipo ndi iwo anamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu. Tinkati awa ndi athu mpaka kalekale. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linatembenukira ku China, a Taiwan n'kulongedza, madokotala awo omwe. Palibe anabwera kudzafunsa mlimi wa ku Likangala kapena wodwala wa ku Mzuzu. China inatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, bwalo la mpira la Bingu ndi sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo. Ndi zinthu zabwino, sindikutsutsa. Koma zina mwa izo ndi ngongole, ndipo choyamba chimene anafuna kwa ife n'chakuti tisiye kuzindikira Taiwan ngati dziko. Makolo ankati kupatsa n'kuika. Dziko likamakupatsa, laika.

Mu April 2011 kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anathamangitsidwa chifukwa cha kalata yodzudzula mtsogoleri wathu. Britain inaimitsa thandizo lake la ku bajeti, ndalama zakunja zomwe zinali zosowa kale zinasoweratu, ndipo tinkagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu m'manja. Amene anakangana anali akuluakulu a m'maofesi, amene anayenda wapansi kuchoka ku Chinamwali kupita m'tauni ndi ife. Za America ndiye simukufunika kukumbutsidwa: January 2025 Donald Trump atangosaina pepala loimitsa thandizo lakunja, ntchito za m'mabungwe azaumoyo zinatha ngati moto wa mapesi, abale athu amene amamwa ma ARV anagona osagona. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Tsono inu okondwerera nkhondo pa foni, tsiku lina mukaime pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, muwerenge maina ali pamenepo. Ndi agogo athu, anafera nkhondo ya Britain ndi Germany imene sanaiyambe. John Chilembwe anadandaula zomwezi mu 1914. Ndipo si zakale zokha. Mu January 2025 asilikali athu atatu anaphedwa kum'mawa kwa Congo pomenyana ndi zigawenga za M23, atapita kumeneko pansi pa mgwirizano wa SADC. Ndimawalemekeza anyamata amenewo, anapita chifukwa dziko linalonjeza anzake. Pangano la chitetezo amasaina ndi cholembera atavala masuti, koma wolipira ndi mayi amene akulandira bokosi. Ndiye iwe ukuombera m'manja bomba likagwa pa nyumba ya mwini, unayamba wakhalapo pa siwa ya msilikali?

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi chiphaso chija. Lamulo la malo litasinthidwa mu 2022 linaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Ndiye chifukwa chake mlendo wofuna dimba kapena puloti amasaka mnyamata wosowa ngati iwe, kuti papepala paoneke dzina la Mmalawi. Sakukonda ayi, akufuna dzina lako. Zinthu zikadzavuta, kaya ndi msonkho, kaya ngongole, kaya mlandu wa malire, apolisi adzagogoda pakhomo la mwini dzina. Mwini ndalama adzakhala atakwera ndege pa Chileka. Ngati mayiko athunthu, okhala ndi nduna ndi maloya, amasiyidwa padzuwa ndi anzawo zinthu zikasintha, kuli bwanji iwe wosaina pepala la m'Chingerezi limene sunaliwerenge n'komwe?

Musandimve molakwa. Sindikuti tidane ndi alendo. Ambiri tikukhala nawo bwino, amagulitsa m'masitolo mwawo mwachilungamo, ana awo aphunzira limodzi ndi athu. Ife tomwe tili ndi abale ku Johannesburg amene tikufuna azisungidwa bwino. Ndikudzudzula inu, eni dziko, amene mukugulitsa dimba la mbumba yonse mwakabisira, amalume osadziwa, anyakwawa osamva, alongo anu amene amalima pamenepo n'kudzangoona waya watchingidwa.

Munthu akakupemphani chiphaso, kanani. Akabwera ndi pepala la malo, litengereni kwa mwini mbumba ndi kwa amfumu, kenako ku ofesi ya malo kwa DC, wina wodziwa akuwerengereni mzere ndi mzere. Akakana kudikira masiku atatu, mwadziwa kale chimene chili m'pepalamo.

Mnyamata uja mayi ake sakudziwabe kuti dimba la kumtsinje linapita. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndikawaona, ndipo iye ndamuuza kuti akakhalepo.