Digiri ili pakhoma, chigayo chili zii

Masabata atatu chigayo cha achemwali anga chili zii. Chomwe chinathyoka ndi kashafuti, kachitsulo kotalika ngati chikhatho changachi. M'masitolo mulibe, akuti tidikire munthu wochokera ku Joni. Amayi a m'mudzi monse akhala akusenza chimanga mpaka kutsidya kwa mtsinje kukagayitsa. Koma m'nyumba mwa achemwali angawo muli mwana wawo, anamaliza digiri ya uinjiniya zaka zitatu zapitazo, chithunzi chake atavala gauni chili pakhoma. Ndinamufunsa dzana kuti kodi iwe sungasule kachitsulo aka? Anawerama n'kuti, "Amalume, kujambula papepala ndingathe, koma makina ake ndinangowagwira kawiri." Mtima unandiwawa. Mwanayu alibe mlandu. Amene watipulumutsa lero ndi bambo wina wowotcherera zitsulo pamsika, amene sukulu analekezera sitandade 8.

Ndiye ndifunse, sukulu zaukachenjedezi ndi za ndani? Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965. Mzuni inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bunda inasanduka LUANAR mu 2012, MUST inatsegulidwa ku Ndata, ku Thyolo, mu 2014, ndipo mu 2021 Poly inakhala MUBAS, makoleji a udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Mayunivesite a boma asanu ndi imodzi! Koma kachitsulo ka chigayo tizidikirabe basi ya ku Joni?

Yunivesite izidziwika ndi anthu oyandikana nayo. Mlimi wa pafupi ndi mpanda azitha kuloza kuti mbewu iyi, mpope uwu, ntchito ya mwana wangayi zinachokera mkatimo. Osati phindu lokhalo likhale la alandilodi ochititsa lendi tizipinda kwa ophunzira, ogulitsa chipisi pageti ndi anyamata a kabaza. Sukulu ikatsekera, malonda onse afa. Chimenecho ndiye chitukuko? Ayi, ndakana. Sukulu yomwe mudzi wapakhomo pake sunailawe, kwa ine ndi nyumba zokongola chabe.

Ndikudziwa, wina andiuza kuti ndalama za boma zimachepa. Chabwino. Koma kutuluka pageti kukafunsa mwini chigayo chomwe chimamuvuta sikulira bajeti. Ophunzira a chaka chomaliza amalemba kafukufuku chaka chilichonse, amamangidwa bwinobwino ngati buku, kenako pashelefu, fumbi n'kumadya. Pitani pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi ya tomato mukaone madengu akuwolera m'mbali mwa msewu, pomwe m'sitolo tikugula tomato wa m'botolo wochokera kunja. Kodi mwa onse ovala magauniwa palibe amene angaimike kafakitale pamenepo n'kulemba ntchito anthu makumi awiri? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nzeru zosafika kwa anthu ndi za mphepo basi.

Timayimba za masomphenya a chitukuko a Malawi 2063, ati dziko la mafakitale. Adzayendetsa ndani, ngati injiniya akutuluka asanadetse manja ndi girizi?

Ndipo inu olemba ntchito musaone ngati ndakuiwalani. Mwana wa achemwali anga uja watha nsapato ndi maenivelopu, paliponse mukufuna wodziwa ntchito kwa zaka zisanu. Azitenga kuti zaka zisanuzo pomwe ngakhale kumulola kuti adzaphunzire ntchito miyezi itatu mukukana? Achemwali anga anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwana ameneyu aphunzire.