Bonasi imene imathawa ukaiyandikira

Ndagwira ntchito yolongedza katundu kuno ku Johannesburg kwa zaka 6, ndipo chimene chanditopetsa kuposa kuzizira kwa mwezi wa June ndi bolodi limene mabwana anapachika pakhomo, pomwe amalembapo mayina athu ndi chiwerengero cha makatoni amene aliyense walongedza. Potiuza za ndondomekoyi anati aliyense wopyola chiwerengero cha pa sabata adzalandira bonasi, ndipo woposa onse chithunzi chake chidzakhomedwa pakhoma. Mwezi woyamba tinagwira ntchito modzipha, ndipo ambiri bonasiyo tinailandiradi, koma mwezi wotsatira chiwerengero chija chinakwezedwa, ati chifukwa tinadziulula tokha kuti kale tinkachita ulesi. Kuyambira pamenepo wofulumira timamuyang'ana ndi diso loipa, popeza liwiro lake la lero ndilo adzatiyezere tonse mawa.

Sindikukana kuti ndalama imalimbikitsa munthu. Kampani ya Safelite ya ku America, yoika magalasi a galimoto, itayamba kulipira antchito molingana ndi magalasi amene aika, katswiri wa zachuma Edward Lazear anapeza kuti ntchito inakwera ndi 44 peresenti. Komatu kumeneko munthu anali ndi malipiro otsimikizika oti sangatsike ngakhale tsiku litamuipira. Ife malipiro athu anamatirira pa mlingo wotsikitsitsa wa boma, umene unayamba mu 2019 uli R20 pa ola, kotero bonasi imene amaitcha mphatso ndiyo ndalama yomwe timadalira polipira lendi ndi potumiza kumudzi. Mphatso yotere ndi chikwapu chabe.

Zimene bolodi lija silingawerenge ndizo zinafa. Kale munthu watsopano tinkamuphunzitsa kunyamula katundu wolemera osathyola msana, koma tsopano palibe wofuna kutaya mphindi 10 chifukwa cha mnzake. Makatoni timangoponya, ndipo zosweka zimakaonekera kwa wogula. Choipitsitsa ndi mphotho ya gulu imene imaperekedwa mwezi ukatha popanda ngozi, chifukwa ngozi sizinachepe ayi, chinachepa ndi kuzinena. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina atadzicheka chala kwambiri, nachimanga ndi tepi ya makatoni, n'kupitiriza ntchito ali chete, poopa kuti anzake 30 angamude chifukwa chowaluzitsa ndalama. Kapitawo anaona, nayang'ana kumbali, pakuti nayenso bonasi yake imachokera pomwepo.

Katswiri wa za maganizo a anthu Frederick Herzberg ananena kale mu 1959 kuti malipiro ndi malo abwino ogwirira ntchito zimangochotsa kudandaula, koma chimene chimapatsa munthu mtima pa ntchito ndi kupatsidwa udindo, kuyamikiridwa moona ndi kuona kuti akupita patsogolo. Ine ndapempha katatu kuti andiphunzitse kuyendetsa foloko, galimoto yonyamulira katundu ija, ndipo yankho lake lakhala kapu yolembedwa dzina la kampani.

Eni dziko akalandidwa bonasi amatchula za CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi olemba ntchito, ndipo mabwana amafewa. Ife obwera, amene pemiti yathu imadalira kalata ya bwana yemweyo, timameza mate, makamaka poti bonasiyo mu kontrakiti mulibe. Chithunzi chimene chili pakhoma mpaka lero ndi cha mnzanga amene anapambana miyezi 3 yotsatizana, msana utamukanika anamuuza kuti asabwerenso, ndipo palibe amene wakumbukira kuchichotsa.