Galasi la sapphire likakalika, kolugeti musiyeni agwire ntchito yake ya mano

Abale lero ndilankhuleko za mawotchi, chifukwa mu gulu lathu lija la pa WhatsApp wina wafunsanso funso lomwe lija, ati wotchi yanga yakalika pagalasi nditani, ndiye anthu kukhamukira kumuyankha kuti paka kolugeti, wina ati phulusa, wina mpaka ati mankhwala otsukira mapoto ndi kansalu konyowa. Ine ndangoseka ndekha pano chifukwa njira imeneyo ndinayiyenda kale ndipo chomwe ndinapindula ndi chala chotupa basi.

Wotchi yanga anandibweretsera achimwene kuchokera ku Joni, kuseri kwake analemba kuti sapphire crystal, kutanthauza kuti galasi lake ndi la mwala wolimba wotchedwa sapphire. Zaka zitatu ndikuivala daily, ndagunda nayo zitseko za minibasi, makoma, ndowa, ndakatapa nayo mchenga kudambo, galasi lili mbee ngati ndagula dzulo. Ndiye tsiku lina ndapita kwa owotcherera kukatenga geti yomwe ndinapangitsa, ndatsamira pa tebulo lawo lija ndikudikira chenji, mkono unangokhudza disiki ya galayinda yomwe inali pomwepo, sinali kuzungulira nkomwe, kungomva khwee. Poyang'ana padzuwa, mzere woyera kuyambira pa 10 mpaka pafupi ndi 2. Mtima unandiwawa ngati andibera foni.

Madzulo atatu otsatizana ndinakhala pakhonde ndi kolugeti ndi kansalu, kukwecha, kupukuta, kuyang'ana pa nyali, kukwechanso. Mayi akunyumba mpaka anafunsa kuti kodi wotchiyo yamera mano? Mzere unali pompo, sunasinthe ngakhale pang'ono, wotchi inkangonunkhira bwino basi.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa pambuyo pake ndipo nchosavuta. Pali sikelo yoyezera kulimba kwa miyala yomwe anakonza Friedrich Mohs mu 1812, imayambira pa 1 kulekeza pa 10, ndipo lamulo lake ndi limodzi, chofewa sichingakande cholimba. Chikhadabo chili cha pa 2.5, galasi wamba la pawindo cha pa 5.5, mchenga wa kudambo uja uli pa 7, sapphire ali pa 9, pamwamba pake pali dayamondi pa 10. Tinthu tokhakhala ta mu kolugeti ndi choko kapena silica, tonse tili pansi kutali, ndiye kukwecha sapphire ndi kolugeti kuli ngati kunola nkhwangwa pa chinangwa, chotha ndi chinangwacho. Pomwe madisiki a galayinda ndi sandipepa amapangidwa ndi aluminium oxide kapena silicon carbide, woyambayo ndi wofanana kulimba ndi sapphire, wachiwiriyo amamuposa pang'ono, nchifukwa chake kungokhudza kamodzi kokha kunandilembera mzere pomwe mchenga unalephera zaka zitatu.

Komanso tisamanamizane kuti sapphire wa pawotchiyu ndi mwala wamtengo wapatali wokumbidwa pansi ayi. Ndi wopanga kufakitale, njira yake anaitulukira Auguste Verneuil wa ku France ndipo anailengeza mu 1902, amathira ufa wa aluminium oxide pa lawi lotentha kupitirira madigiri 2,000, umasungunuka nkumaundana pang'onopang'ono kukhala chimwala, kenako amachicheka ndi macheka a dayamondi nkupolisha. Koma mtundu wa mwalawo ndi womwewo ndi uja amapezeka ku Chimwadzulu ku Ntcheu, ruby ndi sapphire onse ndi banja limodzi la corundum, amangosiyana maonekedwe chifukwa cha tizitsulo tomwe talowamo. Wa pawotchi alibe tizitsulo timeneto nchifukwa chake amaoneka ngati madzi.

Tsono musanagule chilichonse yambani mwaona ngati chomwe mukuonacho ndi chikande chenicheni, chifukwa nthawi zambiri sichikhala. Sapphire akagunda chitseko cha aluminium kapena khoma la penti, iyeyo ndi amene amapala chinthucho, ndiye zomwe zatsala pagalasi ndi zotsalira za chitseko, zili pamwamba chabe. Zimenezo zimachoka ndi labala yofufutira ya ana asukulu kapena kansalu ka spirit, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amalumbira kuti kolugeti anawathandiza vuto lawo linali limeneli. Chachiwiri, mawotchi ambiri a sapphire amawapaka kautoto kopyapyala koletsa kunyezimira, kaja kamaoneka kabuluu kapena kapepo mukapendeketsa wotchi padzuwa. Kautoto kameneka kakakhala kunja nkofewa kuposa galasilo, kamakalika msanga, ndiye munthu umalira kuti sapphire wanga wakalika chonsecho ndi chikhungu chabe. Apa mutha kukachotsa konse ndi polishi, koma dziwani kuti sikabwereranso, ndipo mukachotsa mbali imodzi yokha galasi limaoneka la mawangamawanga ngati munthu wa zikanga, bola chikande chija.

Chachitatu ndi choti mwina galasi lanulo si sapphire nkomwe. Mawotchi a mu msika ena amangolemba mawuwo kuti agulitse, ena amati sapphire coated kutanthauza galasi wamba lopakidwa pamwamba. Dontheza kadontho ka madzi pagalasi loyera bwino, pa sapphire kamaima kozungulira ngati mkanda, pa galasi wamba kamayala, ngakhale njirayi imanama galasi likakhala lopakidwa zinthu. Likakhala la pulasitiki ngati la Casio F-91W ija tonse tinavalapo, ndiye mwachita mwayi, pamenepo kolugeti amayesetsa ndithu, ndipo kuli kamankhwala kotchedwa Polywatch komwe kamamaliza nkhani mu mphindi zochepa. Musalinyoze la pulasitiki, wotchi ya Omega Speedmaster yomwe Buzz Aldrin anavala pamwezi mu 1969 inali ndi galasi lotero, likagundidwa limangong'aluka, pomwe sapphire ngakhale ndi wovuta kukanda akamenyedwa mwamphamvu amaphwanyika tizidutswa nkugwera mkati mwa wotchi.

Langa linali chikande chenicheni, chikhadabo chinkakodwa ndikachiyendetsa pamwamba. Poti ndine wamakani ndinatuma munthu andibweretsere diamond paste, phala lopolishira la ufa wa dayamondi, amabwera mu timajekeseni tamitundumitundu tolembedwa manambala a micron osonyeza kukhakhala kwa ufawo, yanga inali 3, 1 ndi 0.5, umayamba ndi nambala yaikulu nkumatsika. Ndinamata selotepu kuzungulira chitsulo chonse, ndipo apa musachite ulesi chifukwa dayamondi akakhudza chitsulo cha wotchi amachidya ngati nsima. Loweruka lonse linathera pamenepo, chala chikuzungulira pa kansalu mpaka chinachita dzanzi, mpira wa pa wailesi ndinangoumva theka. Timikwasa tating'ono ta m'mbali tinachokadi, sindinama. Koma mzere waukulu uja unangofufuma m'mbali osachoka, ndipo poti ndinalimbikira malo amodzi panakumbika kachigwa kosaoneka ndi maso koma kopotoza kuwala, muvi wa masekondi ukamadutsa pamenepo unkaoneka ngati wathyoka. Anthu amaiwala kuti kupolisha sikudzaza chikande, ndi kutsitsa galasi lonse kuti lifike pansi pa chikandecho, tsono ndi chala ungatsitse bwanji mofanana mwala wa pa 9? Ena amati gwiritsa kamakina kopolishira kozungulira kaja, inde kamafulumira, koma kamatenthetsa galasi ndipo pansi pake pali kamphira koletsa madzi, mudzangoona nthunzi mkati mvula yoyamba ikagwa.

Maganizo anga ndi awa, ngati chikhadabo sichikodwa ndipo muli ndi diamond paste komanso mtima woleza, yesani, ndi wotchi yanu. Ngati chikukodwa, musavutike, mwina muzingoivala choncho kapena musinthe galasi. Safunsa anadya phula, ine ndikanafunsa poyamba ndikanasunga ndalama ya paste ija ndi Loweruka langa lomwe.

Mapeto ake ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo mtauni, wa kagalasi ka padiso uja. Anaiyang'ana nkundifunsa kuti aise unkafuna kuboola? Anayeza galasi ndi kachipangizo kake mpaka timagawo ta milimita, m'lifupi ndi kuchindikala komwe, tinaitanitsa lina, litabwera anachotsa makina a mkati, kukankha lakale ndi kapulesa kake, kuika kamphira katsopano, kudinikiza latsopano, thapu, sizinathe ndi theka la ola. Anandiuza mosabisa kuti alibe makina oyezera ngati madzi sangalowe, ndiye mpaka lero ndimaivula ndikamasamba.

Galasi lakale lija ndinalitenga, lili mu bokosi la machesi pamwamba pa kabati. Ana akabwera ndi anzawo amandipempha ndiwaonetse, ndimatenga botolo la Fanta nkulilemba ndi m'mphepete mwa kagalasiko, mzere umatuluka pabotolo, kagalasiko osasintha, ndiye wamng'ono uja wayamba kale kufunsa ngati angakalembe dzina lake pawindo la kuchipinda.